Mmene Ndinagulitsira Maliro a Nelia

Ana inu, adzukulu anga, ndikulemba izi chifukwa pakamwa simundimvera. Ndikangoti "kale ife," wina foni yalira, wina akuti akukaona mbuzi, pamene mbuzizo sadziwa n'komwe kumene zimagona. Koma wandidzutsa kwenikweni ndiwe, Tamara. Unabwera pa holide uja n'kumatiuza kuti ku yunivesite mukuphunzira mmene andale amatakasira mitima ya anthu ndi mawu. Ati mumalowetsa zokamba zawo m'kompyuta, iyo n'kukuuzani kuti apa pali mkwiyo, apa mantha, apa chiyembekezo. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Atate ako akutuluka thukuta kuti uphunzire ntchito imene ine ndinkagwira nditaima pansi pa msekese ndi chipewa chong'ambika m'manja! Ndiye khala pansi, profesa wako weniweni ndine. Koma ndikuchenjezeni nonse: ntchito imeneyo inatsala pang'ono kundilanda ambuye anu aakazi, Esnati, amene lero mukuwaona akundilamula ngati mwana wa giredi yoyamba. Nkhani yake ndi imeneyo.

Dzina langa la ubatizo mumalidziwa, koma pa msewu waukulu, kuyambira pa Rufunsa mpaka ku mlatho wa Luangwa, ndinali Chotsaniko, poti ndiwo mawu amene ankayamba kutuluka ndikamva mtengo wa chinthu. Atate anabwera nafe kuchokera ku Katete ndili wamng'ono, iwo ndi khasu, ine ndi pakamwa. Khasu linandikana msanga. Ndinkagula masau, uchi, mphasa, nkhuku, nthawi zina mbuzi kwa anthu a m'midzi, n'kumagulitsa kwa a m'mabasi ndi malole. Inu lero mumalowa m'shopu, mtengo wamatidwa pa katundu, n'kulipira mwakachetechete ngati chopereka cha kutchalitchi. Sindidziwa munatengera ndani.

Ife kugula inali nkhondo yaulemu, ndipo inali ndi malamulo ake. Pogula, usayang'ane chimene wachifuna. Yang'ana cha pambali pake. Pogulitsa, usagulitse mbuzi, gulitsa chisoni chosiyana nayo: uisisite pamutu, uitchule dzina, ngakhale waigula m'mawa womwewo. Koma chida chachikulu koposa chinali kuchoka. Munthu akaumirira mtengo wake, umapukusa mutu, kutembenuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, osacheuka. Usanapite patali amakuitana yekha. Ndinkadzitama pa mowa kuti msana wanga umadziwa malonda kuposa nkhope za amuna ena.

Ndiye kunabwera zipani zambiri. Inu simungamvetse. Ife tinakula ndi chipani chimodzi ngati dzuwa. Sunkafunsa kuti lina lili kuti. Tinkaima pamzere kudikira sopo, ukafika kutsogolo n'kupeza akugulitsa makandulo, n'kugula makandulowo poopa kubwerera chimanjamanja. Zinthu zitasintha, katundu anadzaza. Salaula, zovala zakale zakunja zija, inafika mpaka kuno, nkhalamba zikuyenda ndi majuzi a kumayiko a chisanu mwezi wa Okutobala, thukuta kamukamu koma zikunyada. Koma feteleza anakwera kumwamba, ndipo chimanga chimene kale chinkagulidwa pa depoti chinayamba kudikira amalonda a sikelo zokayikitsa. Anzanga amenewo, ndisabise. Anthu anali ndi mkwiyo wodzaza dengu, koma osadziwa poutula.

Pa nyengo imeneyo anatulukira munthu wina amene sindimutchula dzina, poti ana ake alipo ndipo amandipatsa moni. Tinkawati ba Jekete, chifukwa jekete sankavula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anali kalaliki pa kampani ina ku Lusaka. Kampaniyo itagulitsidwa, anabwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi ndi njala ya ukhansala. Wopikisana nawo anali a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, munthu woona mtima mpaka kutopetsa. Akafunsidwa za mjigo kapena mlatho, ankayankha kuti, "Sindingalonjeze, ndikafunse kaye." Munthu wofuna voti ameneyo!

Ba Jekete nawonso zinkawavuta. Msonkhano wawo woyamba anawerenga pepala, Chingerezi chikugwa ngati matalala. Pofika tsamba lachiwiri panatsala agalu awiri ndi nkhalamba ina yogontha, imene inkawomba m'manja pa malo olakwika.

Mawa lake anadzagula tambala kwa ine. Ndinamunyamula tambalayo ngati khanda, n'kunena kuti ndi wa azakhali anga odwala, ndiye amawadzutsa m'mawa kuti apemphere.  Ba Jekete analipira osatsitsa, n'kuwonjezera kuti ndikawapatse moni azakhaliwo. Madzulo anabweranso.

"Ba Chotsaniko, ndamva kuti azakhali mulibe."

"Analipo, bwana. Anamwalira ndisanabadwe."

"Ndipo tambala uja munagula dzana kwa mlamu wanga."

Ndinayamba kuyang'ana kothawira. Koma iwo anakhala pa benchi langa, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndiphunzitseni."

Ndinawaphunzitsa, ndipo iwe Tamara tenga pensulo. Pepala likhale kunyumba. Munthu wowerenga pepala pagulu amaoneka ngati wabwera kudzalanda katundu. Mawu ogwira ntchito ndi awiri okha: ife ndi iwo. Iwowo osawatchula mayina, chifukwa ukatchula dzina, wina m'gulumo ndi msuweni wake. Ungoti "iwo, a matayi, amene amadutsa pano atatseka magalasi," aliyense amaikapo yekha nkhope ya amene anamulakwira. Usafunse funso limene yankho lake ndi lalitali. Ndipo gulu la anthu lili ngati nyemba, silipsa ndi moto umodzi. Uyambe ndi kuwaseketsa, pakuti pakamwa potseguka ndi phwete ndi pomwe mkwiyo umalowera. Akakwiya, vula jekete, uliponye pansi. Kenako tsitsa mawu mpaka akumbuyo aziuzana okha kuti "chete, chete." Pamenepo ndiye pa misozi.

"Jekete langali ndinagula ku Lusaka," anadandaula.

"N'chifukwa chake liyenera kugwa m'fumbi la kuno, bwana."

Ine ntchito yanga inali kuima pansi pa mtengo, pambali pa gulu, n'kumawerenga anthu. Amuna sindinkataya nawo nthawi. Amakuwa ngakhale pa mpira wa ana. Ndinkayang'ana amayi. Akamaswa nsawa zawo n'kumakambirana za kuchigayo, ndinkakanda mutu, kutanthauza kuti bwana sinthani nkhani. Manja akaleka ntchito, ndinkavula chipewa: jekete ligwe. Dzanja likafika patsaya, chipewa pachifuwa: tsitsani mawu. Maphunziro onsewa ndinawatola pa maliro ndi kwa alaliki a m'mabasi, popanda yunifomu.

Zinayenda. Mudzi uno, mudzi uwo, anthu akutiperekeza ndi nyimbo, jekete likutha ndi kuchapidwa. Koma pa misozi tinkatsimphina. Ba Jekete akatsitsa mawu n'kuyamba za "ana ovutika a dziko lino," amayi ankabwerera ku nsawa zawo. Ndinawauza kuti palibe munthu amalirira ana onse. Munthu amalirira mwana mmodzi, wokhala ndi dzina.

"Ndiye ndipezereni mmodzi," anatero.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo, ndipo cholembera chayamba kulemera. Atate anu si ana athu oyamba. Woyamba anali Nelia. Mukanamamuti azakhali. Anali ndi zaka zinayi, wokonda kuvala nsapato zanga n'kumayenda nazo pabwalo ngati bakha. Chaka china zipani zisanachuluke, nthawi ya chimanga chachiwisi, anagwidwa malungo. Tsiku lachitatu m'mawa thupi linayamba kuuma, maso kutembenuka. Tinathamanga naye ku msewu. Kunali kowala bwino, mvula itapuma. Galimoto masiku amenewo zinali zosowa, koma Mulungu anatuma lole yopanda katundu. Dalaivala anati atifikitsa mpaka pa chipatala ku Mpanshya. Kenako anayang'ana mwana, anayang'ana Esnati, n'kutchula mtengo wa munthu amene waona kuti simungakane. Ndalamayo ndinali nayo m'thumba. Koma magazi a Chotsaniko anawira. Ndinapukusa mutu, ndinatembenuka, ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, osacheuka. Lole inapita.

Ina sinabwere. Ndinabwereka njinga, Esnati pakaliyala mwana ali m'manja, ine kupalasa zitunda zija mukuzidziwa. Titatsala pang'ono kufika ku chipatala cha mishoni chija, Esnati anandigwira malaya kumbuyo nati, "Musathamangenso." A ku chipatala anatilandira mwachifundo. Anati malungo anali atafika kumutu, mwina ngakhale tikanafulumira sizikanathandiza. Mawu akuti "mwina" amenewo ndinawakumbatira zaka zambiri. Ndipo ambuye anu aakazi sanatchulepo lole ija. Ngakhale pa mkangano woopsa, pamene mkazi amafukula zonse mpaka nkhuku yowonda imene abale ako anabweretsa pa ukwati, lole sinatuluke pakamwa pawo.

Nkhani imeneyo ndi imene ndinapatsa ba Jekete. Koma wamalonda sagulitsa mbuzi yamatope, amayamba waipukuta. Lole ndinaichotsamo. Ndinaikamo mvula, mtsinje wodzaza, ndi mlatho wa mitengo umene unakokoloka chifukwa "iwo" anadya ndalama zake. Kamtsinje kameneko kalipodi, mlathowo unakokolokadi chaka china, kungoti ife tsiku lija sitinadutsepo. Njira yake ndi ina. Ndani angakumbukire ngati kunali dzuwa kapena mvula tsiku limene mwana wa eni anamwalira? Ndinadziuza kuti si bodza, ndi kukonza chabe. Ba Jekete anafunsa ngati atchule dzina la mwanayo. Ndinati ndiwo zopanda mchere sizigulika.

Msonkhano waukulu unali pa bwalo la sukulu, masana, masiku ochepa voti isanachitike. Esnati sankapita ku misonkhano; ankati phokoso ali nalo kale kunyumba. Koma tsiku limenelo kunamveka kuti kugawidwa zitenge, ndiye anzake anamukoka. Ndinamuona ali pakati pa amayi. Ndinakanda mutu, ndinakandanso, koma ba Jekete anali atayamba kale ndipo zinkawakomera.

"A Hedi akafuna kuyetsemula, amayamba akafunsa ku boma!"

Bwalo linagwa ndi phwete.

"Feteleza mwamuona chaka chino?"

"Ayi!"

"Chimanga chanu anagula bwino?"

"Ayi!"

"Nanga akudya ndani?"

"Iwo!"

Jekete linagwa lokha, osadikira chipewa changa. Kenako mawu anatsika, akumbuyo akuuzana chete.

"Panali mwana wina m'dera lino. Ankakonda kuvala nsapato za atate ake. Dzina lake Nelia."

Anaikamba bwino, ana inu, kuposa mmene ndinawapatsira. Madzi a mtsinje uja ankachita kumveka. Amayi ake ataima pagombe, mwana akuzizira m'manja, mitengo ya mlatho ikuyandama kupita ku Luangwa. Manja onse anali patsaya.

"Ndikufunseni, abale anga. Anapha Nelia ndani? Malungo?"

"Ayi!"

"Kapena atate ake, amene anapalasa njinga mpaka miyendo kutupa?"

"Ayi!"

"Ndani?"

"Iwo! Iwo!"

Funso la atate lija sindinawaphunzitse. Anawonjezera okha, mwana wa sukulu wopambana mphunzitsi wake. Chipewa chinandipulumuka m'manja. Bwalo lonse, akulu ndi ana, likukuwa kuti si ine. Ndinalira ngati mwana, ndikukuwa nawo pamodzi, "Iwo! Iwo!" Ulusi uliwonse wa nkhani ija ndinkaudziwa, ndinaisoka ndekha, koma ndinaivala ndipo inandikwana. Chibadwire sindinamvepo kukoma kotero. Tamara, ukafunse kompyuta yanu ngati ili ndi poika zimenezi. Mkwiyo ndi mantha ndi nthochi zokongola zimene timayala pamwamba pa dengu. Chimene munthu amagula pansi pake ndi kuuzidwa kuti mlandu si wake.

Amayi anamuzinga Esnati akulira, anamukankhira kutsogolo, ba Jekete n'kumufunditsa chitenge cha chipani paphewa. Iye maso gwa, opanda dontho. Anthu anati chisoni chamuumitsa. Koma sankayang'ana ba Jekete. Maso ake anafunafuna pansi pa mitengo mpaka anandipeza.

Kunyumba anaphika, anasambitsa ana, n'kukagona. M'mawa ndinapeza atamanga katundu, atate ako Tamara ali kumbuyo, atate ako Gift ndi atate ako Mwai atawagwira padzanja.

"Mukupita kuti, amake Nelia?"

"Dzina limenelo lisiyeni. Munagulitsa dzulo."

"Ndi ndale chabe izi, mkazi wanga. Mlatho ukamangidwa, ana a anthu ena apulumuka."

"Mbuzi mumagulitsa, nkhuku mumagulitsa. Ndimati manda okha ndiye simungathe." Anakonza mwana kumbuyo. "Ndinakuonani mukulira. Pa maliro simunalire chonchija."

Anasenza katundu uja, n'kupitiriza.

"Zaka zonsezi lole ija sindinaitchule. Ndimati mukuisenza nokha mumtima, ndisakuwonjezereni katundu. Dzulo ndaona mwaitula, mwapatsa anthu a ku Lusaka. Nanga ine ndikhala nayo ndekha? Ndikakhale nayo kwathu."

Anapita kwawo ku Shikabeta.

Ba Jekete anapambana. A Hedi anabwerera ku dimba lawo la tomato, kumene sankafunika kufunsa aliyense. Mlatho sunamangidwe, koma dzina linamangidwa: mpaka lero anthu amati "pa Nelia" akamatchula pamene Nelia sanadutsepo. Ine ndinakhala ngwazi ya m'dera. Amayi ankandipatsa moni ndi manja awiri, ena kundibweretsera maungu. Ndinkadya maunguwo ndekha m'nyumba yopanda mawu, ndipo ndikuuzeni, maungu a chifundo amatsamwitsa.

Mvula yoyamba itagwa ndinakwera njinga kupita ku Shikabeta. Inu mumadandaula minibasi ikachedwa. Ulendo uja unali wa tsiku lathunthu, kutsika ndi kukwera mapiri, penapake njinga ikukukwera iwe. Ndinatenga shuga ndi sopo, ndipo njira yonse ndinkakonza zokanena. Poti nyani sasiya kukwera mtengo, ndinazikonza monga mwa masiku onse: choyamba kuseketsa, kenako kukwiyira ba Jekete amene anandinyenga, pomaliza kutsitsa mawu.

Anandikhazika pa mphasa pamaso pa amalume ake, munthu wamtali wosaseka, amene ankayankhula Chisoli, chiyankhulo cha kwawoko, akafuna kuti ndisamve bwino. Esnati anakhala chapatali. Ndinayamba ndi nkhani ya mmene ndinapserezera phala mpaka galu analikana. Amalume anamwetulira pang'ono. Ndinaona kuti pakamwa patseguka, ndinalowa ndi mkwiyo: andale awa, amatenga chisoni cha munthu wosauka n'kuchiyanika padzuwa ngati...

"Vulani jekete tsopano," anatero Esnati. "Pafika pake."

Amalume anandiyang'ana modabwa, poti ndinali ndi malaya okha. Ine ndinayang'ana nyerere pa mphasa.

"Nenani chimene mukufuna, amake ana," ndinatero, ndipo nthawi imeneyo mawu anatsika okha, popanda wondigwirira chipewa.

"Sindikufuna kuti mukaime pa bwalo la sukulu. Anthu aja anagula kale, sangabweze. Koma ana awa akakula, muwauze nokha mmene mlongo wawo anafera. Iwonso akabereka, ana awo muwauze. Zonse, osapukuta."

Mukundidziwa ambuye anu. Pakamwa panayamba pokha. "Ana ndiwauza, zoona. Koma adzukulu, alakwanji? Pamenepo tichotseko pang'ono."

Esnati anaimirira, anapukusa mutu, anatembenuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku nkhokwe. Asanaponye phazi lachitatu, ndinakuwa kuti ndavomera. Amalume anati m'moyo wawo sanaonepo mlandu wa banja wotha msanga chotero, ndipo shuga uja anasunga.

Atate anu ndinawauza atakula, aliyense tsiku lake. Wina anangotuluka panja, wina anandigwira phewa. Sindidziwa chinapweteka kwambiri n'chiti. Inu ndinakhala ndikuzengereza, kudikira kuti mukule, kenako kudikira kuti mafoni anu athe moto. Tsopano mano atha, ndipo Esnati wayamba kundiyang'ana monga muja anandiyang'anira pa bwalo la sukulu.

Dzulo masana ndinawawerengera ambuye anu aakazi masamba awa ali pakhonde akusankha nyemba, poti maso awo salolanso zilembo. Pa tambala anaseka. Pa amalume anaseka mpaka kupukuta maso. Nditamaliza ndinafunsa kuti, "Zakwana, amayi?"

Anataya kamwala kamodzi pansi. "Mwasiya hutala."

Ndinati mwina pepala latha.

"Tembenuzani kuseri. Ikani."

Ndiye ndikuika. Lole ija sinangopita. Inayenda pang'ono, n'kuimanso. Dalaivala analiza hutala, anatulutsa mutu pawindo, nati, "Chabwino mdala, perekani theka, mwana akuvutika uyu." Esnati anali ataima pakati pa ine ndi lole, Nelia m'manja, ndalama zili m'thumba mwanga. Ndinamva bwinobwino. Ndinati mumtima, watsitsa kamodzi, atsitsanso. Ndipo ndinaponya phazi lina.